Chipinda 214, Moyang'anana ndi Njanji

Hotela iyi anaimanga ngati msasa wa alenje:
mitengo yathunthu m'makoma, nyanga za mphalapala kudenga,
pakhomo chimbalangondo chosema chitanyamula mbale ya maswiti.
Bambo anagogoda mtengo umodzi ndi chala.
"Simenti iyi," anatero. "Angopakapo utoto."
Mtsikana wolandira alendo, Shaylene pabaji yake,
anaseka mwaulemu n'kutipatsa makadi awiri otsegulira chitseko
ndi timalamba ta pulasitiki tovala pamkono.

Moto wa pabalaza amauyatsa ndi batani.
Nkhuni zake sizinyeka.
Bambo anaukhalira ola lathunthu
kudikira woti adzausonkhezere.

Ndinawabweretsa kuno, kumpoto kwa Ohio,
chifukwa dokotala anati malo akale
nthawi zina amatsegula pomwe mankhwala agonja.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi, Orrin Hostetler
ankakwera njanji ya matabwa ija wapansi
m'bandakucha uliwonse,
hamala m'chiuno, misomali pamilomo,
kumvetsera thabwa lililonse lisanasenze ana a eni.
Lero sadziwa kuti ndine Lavonne.
Amati "zikomo mayi" ndikawamangira zingwe za nsapato.

Zenera lathu lapenya kupaki.
Kukuwa kumafika m'magulumagulu,
ngati wina akutsegula chitseko n'kutsekanso.
M'khonde ana onyowa akuthamanga opanda nsapato,
kapeti yonse kununkha mankhwala a m'dziwe losambiramo
ndi chimanga chophulitsa.
Ndinawalozera kasitima kali pansonga penipeni.
Anayang'ana chala changa.

Makombola a teni koloko anawaphonya, atagona kale.
Ine ndinakhala m'bafa, chitseko chotseka,
kuwerengetsera mtengo wa masiku awiri pa lisiti
ndi kudzitukwana chamumtima.

Kusanache ndinadzidzimuka. Bedi lawo lili pululu.
Katani ikuuluzika.
Ali pakhonde lakunja, phazi limodzi mu silipasi,
manja agwira chitsulo chozizira, mutu wapendekera kumanzere.
Paki yonse ili zii, magetsi ozima,
koma tcheni chikukoka kasitima kopanda munthu,
ke, ke, ke, ke,
ndipo milomo yawo ikuwerenga.
Kanatsika. Matabwa anabangula. Kanakhota, kanakhotanso.

"Wamva?"
Sindinamve kanthu.
"Pakona yachitatu. Bawuti yamasuka.
Lavonne, thamanga ukamuuze Merle."

Merle tinamuika m'manda kalekale, kunja kukugwa chipale.
Koma ndinathamanga.
Chikepe chinachedwa, ndinatsika pamasitepe,
chovala chogonera, tsitsi nyankhalala,
kudutsa chimbalangondo chija ndi mbale yake,
dzina langa likundiwotcha m'makutu.
Mnyamata wa usiku anavula chomvera nyimbo khutu limodzi.
Analemba pakapepala kachikasu: kona yachitatu, bawuti.
Anafunsa nambala ya chipinda.
Anafunsanso ngati tikufuna matawulo ena.

Pa kadzutsa, makeke anali oumbidwa ngati nkhope ya chimbalangondo.
Bambo anadya makutu okha.
Ndinawapukuta uchi pachibwano.
"Zikomo mayi," anatero. "Muli ndi ana?"

Kapepala kaja sindidziwa komwe kanathera.
Mwina kali m'bini, pamodzi ndi makapu a khofi.
Koma tikulongedza m'galimoto, geti la paki lisanatsegulidwe,
ndinaona munthu wa jekete ya lalanje
atagwada pamwamba, pakona yachitatu,
dzanja likukwera n'kutsika.
Phokoso la hamala linkatipeza mochedwa,
dzanja litakwera kale.

Mwina amagwada pamenepo tsiku lililonse.
Sindinafunse.
Kalamba ka pulasitiki kaja bambo anakana kuvula,
ndipo mpaka pamsewu waukulu
chala chawo chinkagogoda pabondo,
katatu, n'kumvetsera,
katatu, n'kumvetsera.