Envulopu Imodzi kwa Bambo Czajka

Okutobala ku Tarnow.
Mazenera a ofesi ya manda achita nthunzi,
pulinta yakale ikutsokomola timapepala tomata,
makumi awiri ndi tinayi pa tsamba.
Ndikuwerenga: Czajka, Czajka, Czajka, Czajka, Czajka.
Kasanu. Keyala yomweyo, Lipowa 14, chipinda chapamwamba.

Kompyuta sinalakwe.
Ndinaiuza ndine kuti manda aliwonse ndi mzere,
mzere uliwonse ubale chomata chake,
ndipo yamvera ngati mwana woopa mkwapulo.
Koma ndikumuona mkuluyo
akutsika masitepe ndi ndodo yake,
akutsegula kabokosi ka makalata,
maenvulopu asanu n'kumugwera pa nsapato,
iliyonse ikumuuza payokha
kuti nthawi yolipirira malo yakwana.
Munthu abuule kasanu m'mawa umodzi
chifukwa Miroslawa anafuna kuweruka msanga?

Ndathira tiyi wina. Ndayambiranso.

Choyamba kusanja.
Nambala ya wolipira itsogole, mayina a ogona atsatire,
kuti a banja limodzi ayandikane m'ndandanda
monga agonera kuseri kwa katchalitchi.
Kenako lamulo, lolembedwa ndi zala zozizira:
nambala ya mzere uno ikafanana ndi ya wapitawo
usayambe chomata china,
ingowonjezera dzina m'kalata yomweyo.
Ikasintha, pamenepo dumpha.

Ndinaiwala kachizindikiro kamodzi kotsekera,
ndipo mudzi wonse wa ogona, zikwi ziwiri ndi kanthu,
unakalowa m'kalata ya mayi wina wosalakwa wa mu Krakowska.
Ndinaseka ndekha mpaka Bogusia wa kumaakaunti
anasuzumira pakhomo, sangweji ili kukamwa.

Kachitatu zinatheka, kungotsala pang'ono.
Atatu analowa pamodzi:
Teodozja, 1987.
Leon, 1991.
Kazimierz, amene chaka chobadwa ndi chomwalira
n'chimodzi.
Danuta yekha anakana.
Anakaima patali, pa tsamba lachisanu ndi chiwiri,
ndi chomata chakechake, ngati mlendo pa ukwati.

Ndinamusaka ndi chala pa galasi, mzere ndi mzere.
4417 kwa onse. Kwa iye 4471.
Palibe womuloza, dzanja ndi langa lomwe,
Febuluwale wapitayu,
tsiku lija mkuluyo anaima apa chipewa chili m'manja,
chipale chikusungunuka pa mapewa,
akutchula dzina la mkazi wake chilembo ndi chilembo
ngati ndingalitaye.
Maso anga anali pa iye, osati pa mabatani.

Manambala awiri asinthana malo, basi,
Danuta wabwerera kwa apongozi ake ndi kwa mwana wake.

Abwana akondwa mawa.
Adzawerenga masitampa opulumuka,
adzati maenvulopu achepa ndi theka,
mwina adzagula inki popanda kudandaula.
Zimenezo n'zawo.

Ine ndatsala ndi mzere wachisanu.
Malo alipo, oyandikana ndi a Danuta, kumanzere,
nambala ya wolipira ndi yolondola,
koma bokosi la dzina lili mbee,
la chaka lili mbee.
Kompyuta, posadziwa mwambo,
yasiya mpata pansi pa mayina anayi aja,
mpata wokwana bwino dzina loti Bogumil.

Ndauyang'ana nthawi yaitali.
Panja akutsitsa makandulo ofiira m'galimoto,
okagulitsa pachipata pa tsiku la oyera onse.

Pali kabokosi kena m'makonzedwe,
kamati mizere yopanda kanthu isaoneke.
Ndachonga.
Mpata watsekeka, ndalama yake yangolowa m'chiwonkhetso mwakachetechete.

Pulinta yatsokomolanso, kamodzi.
Ndamatula chomatacho ndi chikhadabo,
ndachiika pakati pa envulopu mosapendekeka,
ndachisisita ndi chala chachikulu
kuchokera pa B mpaka pa 14,
kuti mvula ya Novembala isachikanganule.