Malungo a Makina pa Lizulu

Amati pa Lizulu palibe chotentha
kupatula mafuta a tchipisi pa chiwaya.
Juni akafika, ogulitsa kabichi amafunda masaka,
mpweya uli tolotolo m'kamwa ngati osuta.
Ndiye ndikati kompyuta yanga yadwala malungo
amaseka mpaka kugwira nthiti.

Koma ine ndimaona manambala.
Pakona pa sikirini pali kawindo
kamene ndimakasuzumira kuposa nkhope za makasitomala.
Madigiri 45 m'mawa, ili phee.
60 ntchito ikagundika, palibe mlandu.
Lachitatu lija inafika 78 tiyi ndisanamalize.

Mayi anga anali namwino.
Choyezera chitasweka, sanadikire cha boma:
kuseri kwa dzanja pamphumi pa mwana,
maso kudenga, kumvetsera.
Anandisiyira dzanja lomwelo.
Ndinaligunditsa pachitsulo, ndipo chinandiluma.

Apo n'kuti a Kamtimaleka atakhala pabenchi,
mayeso oyeserera a Sitandade 8 ali pa fulashi,
mapepala mazana atatu ofunika mawa mamawa.
84.
Fani ikulira ngati lole yokwera chitunda ndi mbatata.
89.
Zilembo zikubwera mochedwa, zikukoka miyendo.
Ndinazimitsa.

Mwatani kodi, Nasiketi? Magetsi alipo lero!
Ndinati, aphunzitsi, wophunzira akakomoka pamzere
mumapitiriza nyimbo ya fuko?

Zomangira zinayi, chivundikiro pambali.
Munali Lizulu yense m'menemo:
fumbi la msewu wa M1,
makoko a anyezi ochokera tsidya la Mozambiki,
tsitsi la m'babashopu ya Chimangeni khomo loyandikana,
ndi mphemvu imodzi youma, miyendo m'mwamba,
yafera pofunda.
Zipsepse za chitsulo zotaya kutentha
zitavala bulangeti laubweya, lokhuthala ngati chala.

Ndinabwereka pampu kwa mnyamata wa kabaza.
Chala chimodzi kugwira fani kuti isazungulire mopenga,
iye kupopa, ine kutsokomola,
aphunzitsi kuthawira panja ndi jekete lawo.
Zotsalira ndinakokola ndi mswachi wakale.

Pamutu pa purosesa, phala lija linali litauma,
ming'alu ngati dambo mu Okutobala.
Ndinapukuta ndi sipiriti mpaka kuwala,
n'kufinya latsopano m'kajekeseni kamene ndinagula ku Lilongwe,
kadontho kamodzi, ngati njere ya mpunga.
Kuchulutsa n'kuwononga.

Tsono cholakwa china chinali changa.
Ndinkaifunditsa chitenje, ati kuiteteza,
n'kuikankhira kukhoma kuti akuba asaione pazenera.
Chikondi chotseka mphuno.
Ndinaikoka, ndinaikweza pa njerwa ziwiri,
kumbuyo kwake kukhale njira ya mphepo.

Batani.
Tonse atatu makosi tasolola.
38.
44.
Pulinta inayamba kulavula masamu, tsamba ndi tsamba,
nambala inakwera mpaka 57, n'kuima pomwepo
ngati ng'ombe yodziwa khola lake.

A Kamtimaleka akumanga mapepala ndi mphira
anafunsa chapansipansi:
nanga laputopu ya kunyumba, ija ndimaika pa pilo?
Ndinangowayang'ana. Anati, ndamva.

Tsopano Loweruka lililonse ndimatsegula, ndimapopa.
M'kope la ngongole, kumasamba akumapeto,
ndimalemba tsiku ndi madigiri,
pafupi ndi mayina a amene sanandilipire.

Usiku uja ndinatseka mochedwa.
Nkhungu inali itameza mapiri ndi magalimoto omwe,
lendi ya mwezi, inki yatha, mwana akufuna nsapato,
zonse zikuzungulira m'mutu osapuma.
Ndinaima pakhonde, loko m'manja,
n'kuika kuseri kwa dzanja pamphumi panga.
Ine ndilibe kawindo pakona.
Ndinangoima pompo kaye,
mphepo ya ku Dedza indidutse.