Madigiri Anayi

Foni inalira pakati pa usiku.
"Ndine Aukje, wa shopu ya maluwa ya kudoko.
Firiji yanga yasiya kung'ung'udza."
Ndinavala ovololo pamwamba pa zogonera,
n'kupalasa njinga m'mphepete mwa ngalande za Harlingen,
bokosi la zida likugobedeka kumbuyo.

Ine maluwa sindiwadziwa mayina.
Ndimadziwa mapaipi a kopa, gasi,
ndi kalilidwe ka injini imene yatsala pang'ono kufa.

Chimene iye amatcha firiji ndi chipinda chathunthu:
chitseko chochindikala ngati cha kubanki,
mashelefu achitsulo, ndowa zosawerengeka,
m'ndowamo maluwa ataimirira m'madzi ofika m'mawondo.
Kachipangizo ka pakhoma kamayenera kunena madigiri anayi.
Kankanena khumi ndi atatu.
Ukwati unali m'mawa mwake.

"Ayamba kudzuka," anatero monong'ona.
"Kuzizira kumawagoneka tulo.
Akamva kutentha amatsegula maso,
ndipo duwa likatsegula maso, layamba kuwerenga masiku."

Ndinagwada kunsi kwa injini, tochi kukamwa.
Iye sanakhale pansi.
Ankadula tsinde lililonse mopendeketsa ndi kampeni kokhota,
chifukwa sizasi yobuntha, akuti, imafinya pakhosi, duwa osamwanso.
Anapulula masamba a m'munsi,
natsuka ndowa imodziimodzi,
nathira madzi atsopano mpaka zala zinachita dzanzi.

Njala itandipota ndinatulutsa apulo m'thumba.
Anandikwatula ngati akulanda machesi kwa mwana.
"Muno ayi! Mpweya wa chipatso chakupsa
umakalambitsa maluwa usiku umodzi wokha."
Zaka makumi atatu ndikulowa m'mafiriji a eni,
chimenecho palibe anandiuzapo.

Paipi yokayikitsa inalowera kudenga.
Ndinakwera makwerero, n'kukankha kachitseko ndi mutu,
ndipo kumwambako kunali dziko lina.
Mdima. Kutentha. Kafani kakuzungulira mwaulesi.
Mawindo omatidwa mapepala kuti dzuwa lisabe mtundu.
Waya kuchoka mtanda uwu kufika uwo,
ndipo pawayapo mitolo mazanamazana ili chadodolido,
mitu pansi, miyendo m'mwamba, ngati mileme.
Ndikaikhudza ndi phewa inkati tswa, tswa.
Pakona panali mabokosi a mchenga woyera woyamwa chinyontho,
mokwiriramo maluwa akadali ndi nkhope zawo.

Mitolo yonse inamangidwa ndi labala,
kupatula mzere wa kumapeto,
womangidwa ndi ulusi wobiriwira, mfundo za munthu wamanzere.
Fumbi linali litayamba kugona pamenepo.
"Imeneyo musakhudze," anatero ali kunsi kwa makwerero.
"Anamanga ndi Siebren. Si yogulitsa."
Sanaonjezere.
Inenso sindinafunse.

Bowo ndinalipeza pompo, kuseri kwa mzerewo,
laling'ono ngati diso la singano.
Ndinayala chinsalu chonyowa, n'kuyatsa moto wowotcherera.
Ndawotchererapo m'zombo za nsomba mphepo ikuwomba,
koma dzanja silinanjenjemerepo chonchi,
pakuti nthethe imodzi yokha
ikanameza denga lonse, ndi mfundo zake zomwe.
Iye anakwera masitepe atatu, ndowa ya madzi m'manja,
osayang'ana ine, osayang'ana moto.

Nditathira gasi, injini inatsokomola kawiri,
kenako n'kuyamba nyimbo yake ya mzere umodzi.
Khumi ndi awiri. Khumi. Asanu ndi awiri.
Tinaima m'chipindamo mpaka mpweya wathu unayamba kuoneka.

Cha m'mbandakucha tinakhala panja pa ndowa zovundikira,
mbalame za kunyanja zikukanganirana padoko.
Anandibwezera apulo uja, atamupukuta pa epuloni.
"Kuno mutha kudya."

Pamene ndinkalemba lisiti ananditulutsira mtolo wofiira,
wonyowa kutsinde, wokulunga m'pepala la khaki.
Ndinafunsa kuti akhala masiku angati.
"Asanu ndi awiri, mukamasintha madzi.
Akayamba kuwerama, amangeni miyendo,
muwapachike mumdima."

Alipobe, kuseri kwa chitseko cha galaja.
Mfundo yanga ndi yonyansa,
koma yagwira.