Matambula a ku Hague

Ndimalowa isanakwane sikisi,
njinga nditaimangirira pachitsulo chozizira,
mvula ya ku Hague ikutsetsereka m'khosi mwa jasi.
M'holo muli zii.
Mipando ya oweruza ikundiyang'ana
ngati ndachedwa.

Ntchito yanga ndi madzi.
Tambula kumanja, tambula kumanzere,
mulingo umodzi, mpaka pakamzere kosaoneka
kamene dzanja langa lidakaloweza kalekale.
Dziko la sitima zankhondo mazanamazana
ndi dziko limene pamapu chala chimaliphimba,
onse amamwera tambula yofanana.
Bambo Hoekstra, amene adandiphunzitsa ntchitoyi,
adati: Senada, pangano lonse lija ndi limeneli,
zinazo ndi ndemanga chabe.

Ndidaseka. Iwo sadafunse chifukwa.

Ndidali ndi zaka zisanu ndi zinayi
pamene akasinja adadutsa m'munda wa bambo anga,
mwezi umene mapulamu amayamba kuda.
Panganolo lidalipo kale,
losainidwa bwino, losungidwa posafika njenjete:
dziko lisakweze dzanja pa dziko linzake,
malire si chingwe choti wamphamvu azikankha ndi phazi,
mkangano uzithera pakamwa.
Mayi anga sadawawerengepo mawu amenewa.
Akadawawerenga, akadatchingira chitseko?
Pepala silibweza chipolopolo.
Tidatuluka ndi bulangete, makiyi,
ndi wotchi ya pakhoma imene mlongo wanga Edhem
adakana kuisiya.
Idaima tili panjira. Sitidaikonzetse.

Lero ndi mlandu wa mtsinje.
Udasintha njira usiku wina wa chigumula,
ndipo mayiko awiri akulimbirana mchenga umene udasiya.
Loya wa imvi watambasula mapu achikasu ngati dzino,
mnzake akumutsutsa
ndi ulemu wakuthwa ngati lumo.
Omasulira m'tizipinda tawo tagalasi
akuwolotsa mkwiyo kuchoka m'chinenero china
kuutula m'chinzake, osataya dontho.
Ine ndili pakona ndi jagi, ndikuwerenga zanga:
maola anayi akukokana,
palibe denga lagwa.
Palibe mwana ali kunsi kwa bedi.

Pa nthawi yopuma, nthumwi ya dziko laling'onolo
yagugudiza madzi onse nthawi imodzi.
Kolala yanyowa ndi thukuta.
Yandiuza motsitsa mawu, ngati ndine m'bale wake:
Asilikali kwathu alipo ochepa,
ndipo theka lawo ndi oimba malipenga.
Linga lathu ndi ili.
Yagogoda kabuku kamene kali m'thumba la pamtima,
kopindika m'makona, kopepuka kuposa buledi.
Ndidafuna kuiuza za mapulamu.
Ndangoithirira ena.

Sindine wopusa.
Ndikudziwa kuti lamulo limakwera makwerero pang'onopang'ono
ngati nkhalamba ya nyamakazi,
pamene ndege siidikira munthu.
Ndikudziwa amene ali ndi mawu akuti ayi
olemera kuposa inde wa tonsefe.
Komabe zimene zidachitika m'munda mwathu zili ndi dzina.
Si mphepo, si tsoka, si chikhalire cha dziko.
Ndi mlandu.
Ndipo mlandu suwola.

Pali masiku amene wamphamvu sabwera n'komwe.
Amatumiza kalata, kapena kungokhala chete.
Mpando wake umakhala pululu,
chikwangwani cha dzina lake chili chiimire patebulo.
Mtsikana watsopano, Marijke, adandifunsa dzana:
Nanga apa tithirepo?
Ndidati thira.
Mpaka pakamzere.
Oweruza aone kuti malo ake alipo,
kuti adaitanidwa ngati wina aliyense,
kuti ludzu limeneli ndi lodzisankhira.

Madzulo ndimatolera matambula.
Ena ali ndi zidindo za milomo,
ena ali mbee, osakhudzidwa.
Madzi otsalawo sinditaya m'sinki.
Kuseri kwa khitchini, pawindo loyang'ana kumpoto,
muli kamtengo m'chitini
kamene ndidadzala kuchokera ku nthanga.
Sikadaberekepo.
Chaka chino katulutsa masamba asanu ndi awiri.