Dzungu la pa Raundabauti

Ine ndine wosesa wa khonsolo.
Tsache langa limaudziwa msewu uwu
kuyambira uli mphambano ya mikangano,
pomwe maminibasi a ku Chirimba ndi a ku Machinjiri
ankakumana mphuno ndi mphuno,
madalaivala n'kumatukwanizana mpaka mawu kusasa.

Ndiye kunabwera makatapila.
Miyezi isanu ndi iwiri tikutsokomola fumbi lofiira,
kenako tinangodzuka tsiku lina: raundabauti!
Yozungulira ngati lichero,
miyala ya m'mbali yopakidwa zoyera ndi zakuda,
pakati pali pululu.

Sabata yoyamba chinali chizungulire.
A Makwinja pa njinga yawo yakapalasa
anazungulira katatu kusowa potulukira,
natsika, naikankha kudutsa pakati penipeni.
Fanuwelo wowongola magalimoto anadandaula poyera:
"Chimangireni chinthuchi sipanachitike ngozi.
Ana anga adya utoto?"

Koma mlandu weniweni unali wa pakatipo.
Tiikepo chiyani?
Abusa a tchalitchi cha m'tenti anati mtanda.
Che Twaibu anangoseka, nakonza chipewa:
"Nanga msewuwu sitiyendamo tonse?"
Anyamata a kabaza anati mpira wachitsulo,
koma wofiira kapena wabuluu?
Pamenepo anatsala pang'ono kung'ambirana malaya.
Kampani ya mafoni inatumiza mtsikana wa nsapato zagogoda
kudzayeza ndi tepi.
Mai Namakhwa a nthochi anati,
"Ikanipo wotchi, mwina akuluakulu
angadziwe kuti kunja kwacha."
Kondakitala wina, thupi lili kunja kwa chitseko,
anakuwa kuti kasupe wa madzi!
Tinaseka mpaka misozi,
ife amene mipopi yathu imangotulutsa mphepo.

Komiti inakhala. Inamwa zoziziritsa kukhosi.
Inakhalanso. Inasankha komiti ina.
Mutu umodzi susenza denga, inde,
koma mitu makumi atatu imangogundana.

Mvula inagwa osafunsa komiti.
Lachiwiri lina m'mawa, ndikutola majumbo,
ndinaona timasamba tiwiri tatukula dothi.
Kaya nthangala inagwa pa lole yochokera ku Lunzu,
kaya khwangwala anaitaya,
sindinafunse. Ndinangodziwa: dzungu.
Lamulo la ntchito limati zula.
Ine ndinalambalalitsa tsache.

Lero layanga mpaka kumiyala ya utoto ija,
maluwa ake achikasu kuposa majekete a apolisi apamsewu.
Minibasi ikafika apa imachepetsa liwiro,
amayi n'kumasuzumira: "Taonani nkhwani!"
Wina amayamba kusimba za kwawo ku Thyolo,
za nsinjiro, za amake amene anawasiya akudwala,
mpaka kupitirira siteji yake.
Fanuwelo yemwe uja ndinamupeza madzulo
akulithirira ndi chigubu cha oilo.
Atandiona anati, "Musauze munthu."

Dzulo kapitawo wandiitana.
Lolemba kukubwera simenti ndi chipilala,
ena akuti nkhunda, ena akuti chikho,
iye mwini sanachione.
Nsalu yochiphimba yagulidwa kale,
lumo lodulira riboni lanoledwa,
ndipo ine ndi khasu tikhale titalambula.

Lero ndi Lachisanu.
Pansi pa masamba pali maungu atatu,
limodzi lafika ngati mutu wa khanda.
Ndaligogoda ndi chala. Silinakhwime.
Magalimoto akungozungulira, kuzungulira,
wa kabaza wandiimbira hutala, sindinamuyankhe.
Ndakhala pamwala, khasu pambali,
ndikuwerenga ndi zala:
Loweruka, Lamulungu,
ngati kuti dzungu limamva za Lolemba.