Ngwe pa Bwalo la ku Chilenje

Anabwera m'katoni ya sopo,
wopepuka ngati kandalama kotsala m'thumba,
ndiye tinamutcha Ngwe.
Chaka chisanathe msinkhu unakula,
nzeru zinatsalira m'katoni muja.
Anang'amba chitenje cha Mai Nyendwa pachingwe,
anapirikitsa mnyamata wa salaula mpaka pamsika,
anadya mazira asanu ndi awiri, ndi zigoba zomwe.
Mai Nyendwa anaima pageti, manja m'chiuno:
"A Sakala, galu wanu kapena mtendere wathu. Sankhani."

Ndinayamba ndi ndodo, sindibisa.
Ndodo inamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha:
kubisala pansi pa galimoto yakufa ija
ndikangoti khosu.

Tsono ndinaika ndodo kuseri kwa chitseko,
ndinaika kapenta m'thumba la jekete.
Faifi koloko, maminibasi asanayambe kulirira tauni,
kuzizira kwa Juni kukuluma makutu,
ife tili pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu,
nkhalamba ndi galu, fumbi likali mtulo.

Khala.
Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero cha mbalame.
Khala.
Anakanunkhiza mzati wa golo.
Khala.
Tsiku lachisanu ndi chinayi matako anagunda pansi,
ine ndinaseka ndekha, mlonda wa sukulu n'kutembenuka.

Kenaka Bwera. Kenaka Siya.
Siya ndiye anativuta,
pakuti Lusaka ndi wodzala ndi zotola:
mafupa a michopo, mapepala a zitumbuwa, khoswe wouma.

Ndinapita kumaliro ku Katete milungu iwiri.
Pobwera ndinapeza Khala atauluka,
Bwera ali wolumala mwendo umodzi.
Munda wosapalira sufunsa kuti unali kuti.
Tinayambanso, kapenta mmodzi mmodzi,
osati tsiku lonse, ayi,
nthawi yongokwanira kuti madzi a tiyi awire.

Ndiye kunadza Loweruka lija.
Mdzukulu wanga Tisauke anasiya geti pululu,
nkhuku ya eni inadutsa ikuthawira kumsewu,
Ngwe pambuyo pake, Tisauke pambuyo pa Ngwe,
lole ya simenti ikutsika kuchokera ku Libala.
Ndinalibe miyendo ya liwiro limenelo.
Ndinali ndi liwu limodzi.
Khala!
Fumbi linapitirira, galu anatsala,
mwana anamugwera pamsana, akuseka,
lole inadutsa osadziwa kanthu.
Ine ndinakhala pansi nanenso.

Lero Mai Nyendwa amamusungira mafupa m'kapepala.
Wa salaula amadutsa akuimba mluzu.
Usiku Ngwe sauwanso mwezi kapena woledzera;
akauwa, ndimadzuka, chifukwa pali chifukwa.

Kuchipatala anesi anamasula lamba pamkono panga,
anayang'ana nambala, anayang'ananso:
"Mwasintha mankhwala, atate?"
Ndikanayankha bwanji?
Kuti chichokereni malemu Mai Sakala
ndinkadzuka dzuwa lili pamutu,
ndikukalipira wailesi, ndikukalipira mpando,
ndipo tsopano pali mphuno yozizira
imene imandigunda dzanja kukali mdima,
osalola chifukwa, osamva za bondo,
osadziwa Lamlungu?

Ndinamuphunzitsa mawu atatu.
Iye sanalankhule ngakhale limodzi,
koma m'mawa uliwonse ndimabwera,
mkwiyo ndinausiya,
ndipo tikamaliza timakhala pamzere wa bwalo,
kapenta womaliza tikugawana,
tikumvera tauni ikutsokomola, ikudzuka.