Fayilo Yomwe Bogumił Sanatseke

Lolemba ku Gdańsk. Eyiti yakwana kale
koma kunja mdima ukadali ndiii.
Ndavula magolovesi, ndayatsa kompyuta,
ndatsegula fayilo ya malipiro a asodzi,
pamwamba pake palembedwa:
kuwerenga kokha.

Kuona ndikuona.
Manambala onse ali phee m'tizipinda tawo,
za maukonde, za mchere, za dizilo wa maboti.
Koma ndikalembamo kanthu, fayilo ikukana kusunga,
yafumbata dzanja ngati mwana wakaliuma.

Ndayesa zomwe ndimadziwa.
Ndadina batani lakumanja, ndasuzumira kabokosi kaja,
palibe anachongamo.
Sinabwere pa imelo kuti makina aikayikire.
Disiki sinadzaze.
Ndazimitsa, ndayatsanso,
khofi wazizira ndisanamulawe.

Kenaka timawu tina, ta zilembo zing'onozing'ono:
fayiloyi ili m'manja mwa Bogumił.

Bogumił tinamuika m'manda masabata atatu apitawo
ku Oliwa, chipale chofewa chikugwera pa zipewa zathu.

Radosław wamakompyuta wabwera akununkha fodya.
Sizachilendo izi, mayi Wiesława, akutero.
Lachisanu lija anachoka fayilo ili yotsegula,
wina anadzazula nthambo kukhoma,
ndiye panatsala kafayilo kobisika
kosunga dzina lake,
ngati chipewa chosiyidwa pampando
kuti wina asakhalepo.

Wandionetsa. Ndi ako apo, kotuwa,
dzina lake loyamba ndi kamzere kopindika ngati nyongolotsi,
kuchepa kwake kuposa njere ya mpiru.
Mukakafufuta basi, zonse zitseguka.
Foni yake yalira, watuluka.

Ndatsala ndekha ndi kafayilo kaja.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tinkakanganirana fayilo imeneyi.
Ndinkagogoda khoma la pakati pathu:
tseka, iwe, ndilowemo!
Iye nkuyankha, dikira pang'ono, ndatsala mzere umodzi.
Mzere wake umodziwo unkatha ola lathunthu.

Ndatsikira kumunsi.
Mzere wa 214: boti la Jadwiga, maukonde awiri,
kachipinda ka mtengo kali mbee.
Anati adzamaliza Lolemba.

Panja tramu yadutsa, mawindo anjenjemera.
Kudoko mbalame zikulimbirana mitu ya nsomba.
Asodzi akufuna ndalama zawo Lachitatu,
sadya chisoni changa,
ndipo lendi siidziwa maliro.

Chala chili pa batani lofufutira.
Chakhalapo. Chakhalapobe.

Ndachichotsa.
Ndakopera fayilo yonse, ndaipatsa dzina lina,
yatseguka bwinobwino ngati khomo lopaka mafuta,
ndalemba mtengo wa maukonde a Jadwiga,
ndasunga, yavomera.

Yakaleyo ndaisiya momwemo.
Radosław adzadandaula kuti ndikudzaza seva ndi zinyalala.
Adandaule.

Madzulo, ndisanavale chikhoti,
ndaitsegulanso kamodzi.
Kuwerenga kokha. Ili m'manja mwa Bogumił.
Ndagogoda khoma kawiri, pang'onopang'ono,
ndazimitsa nyale.